Banga pa Nkhope ya Tatu

Kamera ya Che Osmani inalowa m'dziko muno pamodzi ndi anthu othawa nkhondo. Mwini wake woyamba anali mphunzitsi wa ku Lichinga, amene atafika ku Mangochi anaona kuti njinga ingamuthandize kuposa kamera, ndiye anasinthana. Inali kamera ya ku Russia, yachitsulo, yolemera, yopanda kachikwama ngakhale chotsekera galasi lakutsogolo. Koma kujambula inkajambula bwino. Maukwati a kwa Mponda, ana otuluka ku jando, asodzi a ku Nkope ataimirira pambali pa mabwato atsopano, onsewa anadutsa m'galasi limenelo popanda wodandaula.

Osmani sankatsuka yekha zithunzi. Imeneyo inali ntchito ya a Macloud, bambo wa ku Ntchisi amene anabwera ku Mangochi ngati kalaliki wa boma, ndipo atapuma ntchito anatseka mazenera a kachipinda kena kuseri kwa nyumba yawo n'kuyamba kutsukiramo mafilimu. Awiriwa ankadalirana, koma aliyense mumtima mwake ankati ntchito yeniyeni ndi yake, mnzakeyo amangothandizira.

M'chilimwe cha 1990 Osmani anayamba kupita kwa Katuli. Midzi ya m'malire inali itadzaza ndi anthu a ku Mozambiki, ndipo ambiri ankafuna zithunzi zoti atumize kwa abale amene nkhondo inawamwaza. Ulendo wake unali wowawa: kuwoloka Shire, kukwera phiri la Chowe kumbuyo kwa matola, kenako fumbi lokhalokha mpaka kufika. Njira yonseyo kamera inkakhala pachifuwa pake, poonekera, chifukwa ndi imene inkamuitanira anthu.

Mmodzi mwa anthu amene anamuitana anali Isaura, mayi wa ku Mandimba. Tsiku limene anthu a mfuti analowa m'mudzi mwawo, mwamuna wake Nelson anagwidwa kuti akawasenzere katundu, iye n'kuthawa ali ndi pakati. Mwanayo anabadwira kuno, wamkazi, ndipo banja limene linawalandira linamutcha Tatu. Tsopano anali woyenda ndi wolankhula. Dalaivala wina wa lole yobweretsa ufa ndi nandolo kwa othawa nkhondo, dzina lake Howard, anali atauza Isaura kuti ku msasa wa ku Muloza kuli munthu wa ku Mandimba wotchedwa Nelson, amene amafunsafunsa za mkazi wake. Isaura kulemba sankatha, ndipo mawu ongotumiza pakamwa sankawakhulupirira.

"Aone nkhope yanga adziwe kuti ndine," anauza Osmani m'Chichewa chake chosakanikirana ndi Chiyao. "Aonenso nkhope ya mwanayu adziwe kuti ndi wake. Mphuno iyi ndi ya bambo ake yeniyeni."

Tsiku lojambula, Osmani anamupeza akudikira pamalo potsikira matola, mwana atamusambitsa, atamuveka diresi lobwereka. Anakana kuti wina amutsogolere.

"Muyambe ndi ife, Che Osmani, mwana asanadetse diresi la eni."

Osmani anawaimika kutsogolo kwa nyumba, Tatu ali m'manja mwa mayi ake kudzanja lamanzere, n'kudina. Kenako anajambula ena onse mpaka filimu kutha.

Zithunzi zitatsukidwa, a Macloud anaziyala patebulo. Chimodzi anachiika padera n'kuchikankhira kwa Osmani ndi chala.

Isaura anatuluka bwinobwino, mpango wake, mikanda yake, ngakhale udzu wa denga kumbuyo kwake unkaoneka umodziumodzi. Diresi la Tatu linalipo, timiyendo take tinalipo. Koma pamene panayenera kukhala nkhope panali banga loyera, lozungulira, lozilala m'mbali mwake.

"Mwadontheza mankhwala, a Macloud," anatero Osmani.

"Ndadontheza pachithunzi chimodzi n'kusiya zina zonse? Ndinachita kusankha?" A Macloud anatenga filimu yotsukayo n'kuiunika pazenera. "Taonani. Banga lili pafilimu penipeni, lakuda bii. Kwalowa kuwala apa. Chithunzi chimenechi chinali choyamba?"

"Chinali choyamba."

"Basi, nkhani yatha. Munaika filimu mothamanga, simunataye kachigawo koyambirira kamene kamaona kuwala poika. Amachita zimenezi ndi ophunzira kumene."

Osmani sanali wophunzira kumene, ndipo mawuwo anamubaya.

Ulendo wachiwiri anakonzekera ngati wopita ku mlandu. Filimu anaiikira m'nyumba, chitseko chotseka, n'kudina kangapo pachabe kuti mbali yoyambirira ipite. Atafika kwa Katuli anagawa zithunzi za anthu, aliyense akusekerera. Isaura anatambasula dzanja. Osmani akanachita bwino kungonena kuti chithunzi chinawonongeka, koma pofuna kuonetsa kuti sakunama anachitulutsa m'thumba.

Isaura anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga ali kuti?"

"Ndi kuwala chabe, mayi a Tatu. Kunalowa poika filimu. Lero ndakonza."

Koma amayi ena anali atazungulira kale, makosi atatalika. Chithunzi chinachoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Wina anagwira pakamwa, wina anayang'ana Tatu amene ankasewera ndi chitsononkho pansi, n'kuyang'ananso chithunzi. Osmani anachilanda mwaulemu, n'kuimikanso mayi ndi mwana pamalo omwe aja. Isaura ndi amene anayambanso, chifukwa diresi linali lobwerekanso.

Banga linatulukanso. Pankhope ya Tatu, pomwe paja.

Tsiku limenelo anthu odutsa kuseri kwa nyumba ya a Macloud anamva mawu a amuna awiri akukwera.

"Munati ndine wophunzira! Ndataya filimu pachabe chifukwa cha inu, ndiye ichi n'chiyani?"

"Bweretsani chitsulo chanucho ndichione."

A Macloud anatsegula chitseko chakumbuyo kwa kamera. Mkati munali kansalu kakuda kamene kamatchinga filimu, kamene kamatseguka kamphindi munthu akadina kuti kuwala kulowe. Anakaunika pazenera. Kanali kabwinobwino. Anamasula galasi, kulipumira mpweya, kulipendeketsa.

"Muli chuku umu. Taonani timizere iti m'mbalimu."

"Chuku chimenecho chilimo kalekale. Chikanakhala chuku, bwenzi zithunzi zonse zitachita chifunga. Chuku chimadziwa mwana wa Isaura?"

"Ndiye kuti chitseko ichi chikulowetsa kuwala."

"Kapena mankhwala anu atha mphamvu. Ndinawaona tsiku lija, ofiira ngati tiyi wogona."

"Mankhwala anga atsuka zithunzi za ukwati wa mwana wa a polisi dzulo lomweli, palibe wabweza!"

Anakangana mpaka malovu kuuma, ndipo pomaliza aliyense anagonja theka. Osmani anavomera kupukuta galasi ndi kumata tepi yakuda m'mbali monse mwa chitseko cha kamera. A Macloud anavomera kusungunula mankhwala atsopano, akung'ung'udza kuti akutaya abwino. Poyesa, Osmani anajambula zithunzi zingapo pompo, nkhuku za a Macloud, mtengo wa mango, a Macloud eni ake atakwinya nkhope. Zonse zinatuluka zoyera bwino, zopanda banga.

"Mwaona? Inali tepi," anatero a Macloud.

"Anali mankhwala," anatero Osmani.

Kunyumba mkazi wake Rahma anamvetsera nkhani yonse akusankha mpunga. Atamaliza anati, "Bambo, nanga bwanji nkhuku zatuluka, anthu onse a kwa Katuli atuluka, koma mwana mmodzi yekhayo? Mwina mayiyo anabwera ndi zake kuchokera kwawoko. Anthu aja anaona zambiri."

"Iwenso wayamba? Majini sajambulika pafilimu."

"Ine sindinati majini. Mwatero ndinu."

Osmani anatuluka panja osamaliza tiyi wake.

Ulendo wachitatu unavuta kuyambira pachiyambi. Matola anafera pakati pa phiri la Chowe, nthunzi ikutuluka kutsogolo. Dalaivala anatsika ndi chigubu kukafuna madzi, n'kuchedwa ngati wakakumba chitsime. Anthu anakhala m'mbali mwa msewu, pamalo opanda mthunzi, dzuwa la Okutobala likuwotcha pamutu. Osmani anakhala pamwala, kamera ili pachifuwa, thukuta likuyenderera pa lamba wake. Anafika kwa Katuli dzuwa litapendeka.

Isaura anali pomwe paja, koma ulendo uno sanapereke moni.

"Chatuluka?"

"Chinavutanso pang'ono, koma tsopano tapeza chimene..."

"Che Osmani, khalani pansi ndikuuzeni." Sanadikire kuti akhale. "Kuyambira tsiku limene munaonetsa chithunzi chanu chija, ana a pano sasewera ndi Tatu. Amayi awo amawaitana akangomuyandikira. Akuti mwanayu chithunzithunzi chake chinatengedwa, sakhalitsa. Kuchitsime ndikafika, nkhani zimatha. Mayi amene anandilandira m'nyumba mwawo, amene anandibereketsa mwanayu ndi manja awo, akundiuza kuti ndipite naye kwa asing'anga. Ine ndathawa mfuti ndi mimba, ndagona m'tchire, mwana wanga sanadwalepo koposa chimfine. Lero adwale chifukwa cha chitsulo chanu?"

"Pepani, mayi a Tatu. Wallahi, ndikulumbira, si mwana, ndi kamera."

"Ndi kamera? Nanga ena onsewa akutuluka bwanji?"

Funso limeneli linali litamusowetsa tulo Osmani mwini wake.

"A Howard akubwera mwezi uno, kenako akuti awasintha njira," anapitiriza Isaura. "Akapita, chithunzi ndidzapatsa ndani? Jambulani. Koma lero mwana ndimunyamula uku." Anasamutsira Tatu kudzanja lamanja. "Likamutsata, ndiye kuti ndi la mwana wanga, ndipita kwa asing'angawo. Likatsala pomwe paja, ndi lanu, ndipo mudzabwera kudzawauza anthu awa ndi pakamwa panu."

Osmani anadina, kutopa ndi mkwiyo zitasakanikirana. Tepi inalipo, galasi linali lopukuta, mankhwala anali atsopano. Panalibenso chimene chikanalakwika.

Chithunzi chitatuluka m'madzi, a Macloud anatsegula chitseko cha kachipinda kawo n'kuchigwira m'mwamba chikudontha. Tatu anaoneka koyamba, maso aakulu, kamphuno kosongoka, akuyang'ana molunjika. Koma banga linali pomwe paja, ndipo tsopano linali litakula kuposa kale. Linadya phewa la Isaura, khosi lake, ndi nkhope yake yonse kusiya khutu limodzi.

Osmani anakhala pansi pakhonde, n'kuvula kamera m'khosi.

"Ndikaiponya mu Shire," anatero. "Ndibwerere kogulitsa usipa. Usipa sunandichititsepo manyazi chonchi."

A Macloud analowa m'kachipinda n'kutulukamo ndi mafilimu onse atatu a kwa Katuli. Anawayala pagalasi la zenera, chithunzi cha Isaura pamwamba pa chinzake.

"Tabwerani kuno. Lero tisakangane, tiyang'ane."

"Ndayang'ana mpaka maso kuwawa."

"Bwerani. Taonani m'mphepete mwa filimu, muli timabowo umu. Mwayera. Chikanakhala chitseko, kuwala kukanada mpaka m'mphepete, chifukwa kuwala kolowera kumbuyo sikudziwa malire a chithunzi. Ndiye tepi ija munamata pachabe."

"Munandiuza ndinu."

"Ndavomera. Akanakhala mankhwala, bwenzi pali mizere yoyenderera, ndipo sakanagwa pamalo amodzi katatu. Ndiye mankhwala anga aja ndinataya pachabe."

Osmani anaimirira monyinyirika n'kuyandikira. Madontho atatu akuda anali pamalo amodzimodzi. Loyamba linali laling'ono, lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu lalikulu ngati chala chachikulu.

"Kuwala kukulowera kutsogolo," anatero a Macloud. "Koma bwanji pachithunzi chimodzi chokha? Ndipo bwanji lakula ulendo uno? Munachita chiyani chosiyana?"

"Palibe. Kungoti galimoto inatifera pa Chowe, tinapsa ndi dzuwa theka la tsiku."

"Kamera inali kuti?"

"Pachifuwa panga, monga mwa masiku onse."

"Filimu ili mkati?"

"Ili mkati. Ndimakokeratu kachitsulo kosuntha filimu ndisananyamuke, kuti ndikangotsika..."

Osmani sanamalize. Anayang'ana madontho atatu aja, n'kuyang'ana kamera imene inali pakhonde. Chithunzi cha Isaura sichinali ngati zinzake. Zinzake zinkakhala kuseri kwa galasi kamphindi chabe, akadina uyu n'kukoka, kudina wina. Koma kachigawo ka filimu kamene Isaura ankagwerapo kankayenda ulendo wonse kuchokera kwa Mponda mpaka kwa Katuli katayang'ana kudzuwa, kakudikira munthu woyamba. Ndipo munthu woyamba nthawi zonse anali iye.

Anatola kamera, kutsegula kumbuyo, kumasula galasi. Anaunika kansalu kakuda kaja pakhomo.

"Ndinaona kale pamenepo," anatero a Macloud. "Palibe kanthu."

Osmani anakoka kachitsulo. Kansaluko kanasuntha, ndipo m'malo mwake munabwera kena, chifukwa tinsaluto ndi tiwiri: kena kamatchinga munthu akadina kale, kena kamatchinga akakoka kudikira kudina. Anaunikanso. Pakati pa mdimawo panawala kadontho kang'onong'ono ngati kuboola kwa singano.

Kenako a Macloud analanda kamera n'kuika diso pafupi.

"Kabowo aka! Kabowo aka ndi kamene katizunza chonchi? Ine tsiku lija ndinaunika musanakoke." Anatenga galasi lawo lowerengera n'kuyang'anitsitsa. "Ndipo si njenjete iyi. M'mbali mwake mwapserera. Kawotchedwa aka. Munaisiyapo padzuwa itagona chagada?"

Osmani anaganiza pang'ono, nkhope yake n'kusintha.

"Mvula itatha munandiuza kuti ndiziyanika padzuwa kuti chuku chife."

"Ndinati galasi!"

"Munati muziyanika padzuwa."

"Galasi lokha, mutalimasula! Mwana wa sukulu aliyense amadziwa kuti galasi lotere limayatsa pepala. Inu munayanika kamera yonse ngati chinangwa?"

"Mukanati ndimasule ndikanamasula. Pakamwa panali panu."

"Mutu unali wanu!"

Mkazi wa a Macloud anasuzumira pakhomo kufunsa ngati kwagwa maliro, ndipo amuna awiriwo anatsitsa mawu, koma nkhani ya amene analakwa sinathe tsiku limenelo, ndipo sinathe konse.

Kansalu katsopano kakanapezeka kuti, kamera yake ya ku Russia? Anapita kwa wokonza njinga pamsika n'kupempha sulushoni womatira machubu. Anamusakaniza ndi mwaye wa nyali, ndipo Osmani, atagwira mpweya, anadontheza kadontho pabowo paja ndi nsonga ya kamtengo ka machesi. A Macloud anaima kumbuyo kwake akumuuza kuti wachulutsa. Anaisiya kuti iume. Chotsekera galasi anachipeza pabotolo la mafuta odzola la Rahma, chimene chinakwana bwino atachikulunga kansanza, ngakhale mwini botolo sanakondwe. Ulendo uno sanakhulupirire zoyesa mothamanga. Anaika filimu, kukoka, n'kuyenda nayo kamera yosatseka kuchokera ku boma mpaka kwa Mponda masana dzuwa lili pamutu, kenako n'kujambula khoma la mzikiti. Khomalo linatuluka lopanda banga.

Kwa Katuli Osmani anachita zimene anauzidwa. Anaima pabwalo, amayi atazungulira, n'kutulutsa chithunzi chachitatu chija, Tatu akuoneka bwino, mayi ake atafufutika. Anatsegula kamera n'kuwaonetsa pamene anamata. Anafotokoza za dzuwa, za kansalu, za ulendo wa pa Chowe. Ena anamva, ena anangogwedeza mitu. Isaura sanadalire kufotokozako. Analanda chithunzicho n'kuyenda nacho yekha, kuchiika pamaso pa mayi aliyense.

"Mwamuona? Ali ndi maso awiri, mphuno, pakamwa. Tsopano wasowa ndine. Nenani kuti ndifa ndine, ndione ngati musiye kubwereka lichero langa."

Ena anaseka mwamanyazi. Mayi amene anamulandira uja anatenga Tatu n'kumupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Tiyeni tsono, mayi a Tatu, imani apa," anatero Osmani akuika filimu.

"Ayi. Lero sindiyamba ine."

"Ndakonza, ndikulumbira."

"Munalumbiranso ulendo wathawu. Yambani ndi mbuzi iyo."

Osmani anayang'ana kumwamba kupempha chipiriro. Kenako, anthu onse akuona, wojambula wodziwika wa kwa Mponda anawerama n'kujambula mbuzi ikudya makoko a nthochi. Atatero ndi pamene Isaura ananyamula mwana wake n'kuima.

Mbuzi inatuluka bwino. Isaura ndi Tatu anatuluka bwino koposa, nkhope ziwiri zoyandikana, mayi atauma nkhope ngati akuyembekezera kukhumudwanso, mwana akumwetulira. A Macloud anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti katsukidwe kake ndi kamene kachikongoletsa. Osmani anali atatopa kwambiri moti sanatsutse. Chithunzicho chinafika m'manja mwa Howard lole yake isanasinthidwe njira, atachikulunga m'pepala la pulasitiki.

Mvula inayamba, msewu wa kwa Katuli unasanduka matope, ndipo Osmani anakhala nthawi osapitako. Atapitanso mvula ikutha, anapeza lole ya ufa itaima pabwalo la sukulu. Dalaivala amene anatenga njira ya Howard anali atatsika, ndipo Isaura anaima patsogolo pake, pepala la pulasitiki lija lili m'manja.

"A Howard anafika nacho ku Muloza," dalaivalayo ankafotokoza. "Nelson anamupeza. Ndi wa ku Mandimba ndithu, koma ndi mkulu waimvi, mkazi amene akumufuna dzina lake Ajira. Akuti anachigwira chithunzichi nthawi yaitali, n'kunena kuti mwanayu ndi wokongola koma si wake. Anati chibwerere kwa mwini wake, chingasowe."

Isaura anamasula pulasitikiyo. Chithunzi chinali chitapindika pakona, chili ndi chidindo cha chala cha munthu wosamudziwa. Osmani anaima chapatali akusisita lamba wa kamera.

Isaura anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, kamodzi kokha, n'kutembenukira kwa dalaivala.

"Malole anuwa amapita kuti ndi kuti?"

"Konsekonse, mayi. Ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza, ku Nsanje. Ena mpaka ku Nkhata Bay."

"Ndipo konseko kuli anthu akwathu?"

"Adzaza."

Anatembenukira kwa Osmani. "Che Osmani, kafilimu kaja kalipo? Simunakayanike padzuwa?"

"Kalipo, mayi a Tatu."

"Mukanditsukire zambiri. Lole iliyonse inyamule chake."

Osmani anaganiza za phiri la Chowe, za fumbi, za nkhope ya a Macloud akamva kuti mapepala awo a zithunzi, amene ankachita kuitanitsa ku Blantyre, athera pa chithunzi chimodzi. Anapuma mozama.

"Ndikatsukitsa," anatero.

A Macloud anachitadi monga anayembekezera. Anati iwo si bungwe lothandiza anthu, anati mapepala akusowa, anati Osmani ali ndi chizolowezi cholonjeza ndi manja a anzake. Atatha kunena zonsezo analowa m'kachipinda kawo n'kutseka chitseko, ndipo potuluka chingwe choyanikira chinali chitadzaza ndi nkhope za Isaura ndi Tatu kuyambira uku mpaka uko. Chimodzi chinada pang'ono, ndipo anachichotsa okha n'kutsukanso china, akunena kuti safuna dzina lawo likanyozeke ku Nsanje.

Zithunzizo zinapita ndi malole, chimodzichimodzi. Zina zinabwerera, zina sizinabwerere. Ku Mwanza kunapezeka Nelson wina, wa ku Tete. Ku Dedza kunapezeka mayi amene anazindikira Isaura kuti anali kupemphera naye tchalitchi chimodzi, koma za mwamuna wake sankadziwa kanthu.

Nkhondo itatha, anthu anayamba kubwerera kwawo. Osmani anafika kwa Katuli tsiku lina n'kupeza Isaura akumanga katundu, Tatu atakula moti ankasenza yekha kamtolo kake. Isaura anati akupita ku Mandimba, chifukwa munthu wotayika akafuna kupezeka amabwerera pamene anatayikira. Anamupatsa Osmani nkhuku, yomanga miyendo, imene inamuvutitsa njira yonse pa matola. Isaura ndi Tatu anawoloka malire m'mawa mwake, ndipo ngati anakamupeza Nelson, uthenga wake sunafike kwa Mponda.